Bilu ya ku state imayenda bwanji, ndipo ifeyo timalowerera pati?

NaBanda (South Bend): Moni nonse abale. Pepani ndabwera ndi funso usiku uno. Pa gulu lina la WhatsApp anthu akutumizirana uthenga woti kuno ku Indiana, state imodzi ya ku America, lamulo ladutsa lokhudza ife ochita lendi, eti eni nyumba apatsidwa mphamvu zatsopano. Wina akuti layamba kale kugwira ntchito, wina akuti likudikira gavanala, mkulu wa boma la state. Mtima wanga suli m'malo. Kodi munthu ungadziwe bwanji zoona zake? Nanga malamulo amenewa amapanga ndi a ku Washington konkuja kapena ndi ena?

Phiri (Indianapolis): Mwaswera bwanji aNaBanda. Choyamba, amene akutumiza uthengawo akuuzeni nambala ya biluyo. Kuno ku Indiana bilu yoyambira ku House imalembedwa HB ndipo manambala ake amayambira pa 1001, yoyambira ku Senate ndi SB kuyambira pa 1. Mukaipeza, lowani pa iga.in.gov, lembani nambalayo pofufuzira. Muona amene anailemba, komiti imene yaisunga, ndi tsiku lililonse limene yasunthapo. Uthenga wopanda nambala musamafulumire kuukhulupirira. Kawirikawiri anthu akamati ladutsa, amakhala kuti phungu wangoipereka kumene, ulendo udakali wautali.

Za ku Washington ayi, lendi si nkhani ya Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse. Malamulo aakulu a dziko lino, pa kusintha kwa nambala 10 kwa mu 1791, amati mphamvu zimene sizinaperekedwe ku boma la federal zimatsalira ma state kapena anthu eni ake. Ndiye laisensi yoyendetsera galimoto, ziphaso za anamwino ndi ma CNA (othandizira anamwino), lendi ndi kutulutsa munthu m'nyumba, sukulu za ana athu, ukwati ndi kusudzulana, zonsezi zimalembedwa m'malikulu a ma state, monga ku Indianapolis, ku Austin, ku Annapolis, ku Olympia. Zimandipweteka kuti maso athu amathera pa White House pamene zotikhudza pakhomo zikukambidwa mumzinda woti tingafikeko pa galimoto.

NaBanda (South Bend): Zikomo a Phiri. Ndifunsa nambalayo. Koma tandifotokozerani ulendo wautali mukunenawo, ndikaona pa intanetipo ndizidziwa chimene ndikuwerenga.

Phiri (Indianapolis): Chabwino. Nyumba ya malamulo ya kuno imatchedwa General Assembly, ili ndi zipinda ziwiri: House ya aphungu 100 ndi Senate ya maseneta 50. Phungu akapereka bilu, mtsogoleri wa chipindacho amaitumiza ku komiti. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa apa ndi pofera mabilu ambiri. Wapampando wa komiti ndi amene amasankha kuti bilu imvedwe kapena isamvedwe. Akangokhala chete osaiika pa ndandanda, tsiku lomalizira likakwana biluyo yafa, popanda wina kuponya voti ngakhale imodzi. Palibe mkangano, palibe nkhani mu nyuzi, yangozimirira.

Ikamvedwa, anthu wamba amaloledwa kulankhula, komiti imasintha zosintha n'kuvota. Kenako imapita ku chipinda chonse. Pa kuwerenga kwachiwiri phungu aliyense akhoza kupereka zoti zisinthidwe, pa kuwerenga kwachitatu ndiye voti yeniyeni. Ku House pamafunika mavoti 51, ku Senate 26. Ikadutsa imawolokera ku chipinda chinacho n'kukayambanso pa komiti, zonse mobwereza. Chipinda chachiwiri chikaisintha, choyamba chija chimavomereza zosinthazo, apo ayi pamakhala komiti ya anthu anayi, awiri uku awiri uku, yoti igwirizanitse. Zikatheka ndiye kwa gavanala. Iye ali ndi masiku 7: asaine, akane, kapena angoisiya ikhale lamulo yopanda siginecha yake.

Mayi a Tadala (Houston): Ndilowerepo pang'ono, a Phiri, kuopa kuti ena angaganize kuti kulikonse n'chimodzimodzi. Mafupa ake ndi omwewo koma nthawi zimasiyana kwambiri. Kuno ku Texas aphungu sakumana chaka chilichonse. Amakumana zaka monga 2023 ndi 2025, kulumpha chaka chimodzi, kuyambira Lachiwiri lachiwiri la Januwale, masiku 140 basi. Montana, Nevada ndi North Dakota nawonso amatero. Ndiye bilu yanu ikafa mu Meyi mudikira pafupifupi zaka ziwiri, pokhapokha gavanala ataitanitsa msonkhano wapadera, umene sudutsa masiku 30, ndipo zokambirana zake amasankha yekha.

Phiri (Indianapolis): Zoona mayi. Ife kuno amakumana chaka ndi chaka, koma chaka cha bajeti ayenera kutseka pofika pa 29 Epulo, chaka chinacho pa 14 Malichi. Masabata ochepa zedi.

Mwale (Dallas): Akuluakulu, mundikhululukire koma ine ndinena mmene ndikuonera. Zonsezi n'zabwino kuzidziwa, koma ife tisintha chiyani? Makampani ali ndi anthu olipidwa amene ntchito yawo ndi kukhala m'makhonde a Capitol, nyumba imene aphungu amakumaniramo, kuyambira m'mawa mpaka usiku. Amadziwana ndi apampando a makomiti, nthawi zina mawu a biluyo amalemba okha n'kukapereka. Ine ndimagwira mashifiti awiri. Ndinyamuke ku Dallas, maola atatu pamsewu, kukalankhula mphindi ziwiri kwa anthu amene anagwirizana kale? Komanso ambiri pagulu pano sitivota n'komwe. Phungu amvera munthu wopanda voti chifukwa chiyani?

Abusa (Silver Spring): A Mwale, funso lanu ndi lolemera, ndipo sindikufuna tilipeputse. Zoti olipidwa aja ali ndi mphamvu ndi zoona. Chifukwa china n'chakuti aphungu ambiri a ma state ntchitoyi si ya tsiku lililonse. Kwanu ku Texas malipiro awo ndi $7,200 pachaka, ku New Hampshire ndi $100 pachaka. Ali ndi ntchito zawo zina, owathandiza ndi ochepa, mabilu ndi ochuluka kwambiri. Munthu wotero amadalira aliyense amene wafika n'kumufotokozera nkhani momveka. Koma taonani, chomwecho ndi chimene chimatitsegulira khomo ifenso. Phungu amene sanasambitsepo munthu wokalamba, sanagwirepo usiku mu nursing home (nyumba yosamalira okalamba), sadziwa kuti wogwira ntchito mmodzi kusamalira odwala ambiri nthawi imodzi zimatanthauza chiyani. Pagulu lino odziwa zimenezo ndi ambiri. Tikakhala chete, amva mbali imodzi yokha, ndipo sitingamuimbe mlandu wosamva zimene sitinanene.

Mwale (Dallas): Abusa, ku New Hampshire mwina. Kumeneko House ili ndi aphungu 400 pa anthu pafupifupi 1.4 miliyoni, phungu ndi neba wako. Kuno maseneta ndi 31 okha m'Texas yense, mmodzi akuimira anthu oposa 900,000, kuposa phungu wa ku Congress. Kalata yanga ikafika pati?

Mayi a Tadala (Houston): Achimwene, n'chifukwa chake simuyambira kwa seneta. Yambirani ku House, kumene kuli aphungu 150, dera la aliyense ndi laling'onopo. Ndipo simulembera aphungu onse, mumalembera awiri: wa dera lanu, ndi wapampando wa komiti imene yasunga biluyo. Muimbe foni ku ofesi, amayankha ndi achinyamata ogwira ntchito kumeneko. Mutchule dzina, malo amene mumakhala, nambala ya bilu, mukuifuna kapena simukuifuna, ndi chifukwa chimodzi chochokera m'moyo wanu. Mphindi imodzi yakwana, mungathe kuchita pa nthawi yopuma kuntchito. Amalemba kuti aimba angati mbali iyi, angati mbali inayo. Pa nkhani zikuluzikulu za zipani, zoona, foni yanu singasunthe kanthu. Koma mabilu ambiri si a pa TV. Ndi a ziphaso, chindapusa, maola a maphunziro a CNA, masiku amene mwini nyumba ayenera kukupatsa asanakutulutse. Pa amenewo oimba amakhala ochepa, ndiye aliyense amamveka.

Ndipo mukapezeka ku Austin tsiku la komiti, simukakamizidwa kulankhula. M'nyumba ya Capitol muli timakina tolembetsera, mumangosonyeza kuti mukugwirizana nayo kapena mukutsutsa, dzina lanu limalowa m'kaundula wa biluyo.

Chikondi (Lincoln): Moni makolo anga. Ine ndili pasukulu kuno ku Nebraska, ndimangowerenga koma apa ndalephera kupirira. Kuno n'kosiyana ndi ma state ena onse 49, chifukwa chipinda n'chimodzi chokha. Anthu anavotera zimenezi mu 1934, zinayamba mu 1937, ndipo amene analimbikitsa kwambiri anali Seneta George Norris. Iye ankadana ndi komiti yogwirizanitsa zipinda ziwiri ija a Phiri anena, ankati ndi mmene zinthu zimasinthidwira mseri anthu osaona. Maseneta ndi 49, pa pepala lovotera salembapo chipani. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti pafupifupi bilu iliyonse iyenera kumvedwa pagulu, wapampando sangangoikhalira osaitana anthu. Mabilu amaperekedwa m'masiku 10 oyambirira a msonkhano, ndiye pofika kumapeto kwa Januwale umadziwa zonse zimene zili patebulo.

Phiri (Indianapolis): Wachita bwino mwanangu, uzilankhula ndithu. Nkhawa ya Norris ija ndi yeniyeni mpaka lero. Kuno masiku omaliza a msonkhano ndi amene ndimakhala tcheru kwambiri. Mawu amene anafera m'bilu ina mu Febuluwale akhoza kutulukira m'bilu inanso mu Epulo kudzera m'komiti ya anthu anayi ija, ndipo nthawi yoti anthu awerenge imakhala yochepa. Ku California anthu anatopa nazo, mu 2016 anavotera Proposition 54, yoti bilu isavoteredwe komaliza isanakhale pa intaneti maola 72 ili m'mawu ake otsiriza. Lamulo lotere ndimalilakalaka kulikonse.

NaBanda (South Bend): Abale, nambala ija ndaipeza ndipo ndalowa. Palembedwa kuti inawerengedwa koyamba n'kutumizidwa ku komiti mu Januwale, kuchokera pamenepo palibe china. Ndiye kuti si lamulo eti?

Phiri (Indianapolis): Si lamulo, ngakhale pang'ono. Ili m'manja mwa wapampando. Tsopano chitani ziwiri. Tsegulani biluyo muwerenge nokha, musadalire mutu wake kapena chidule. Kuno mawu atsopano amalembedwa ndi zilembo zakuda kwambiri (bold), ochotsedwa amawadula ndi mzere pakati, otsalawo ndi lamulo lakale limene lilipo kale. Anthu ambiri amachita mantha ndi ndime imene yakhala ikugwira ntchito zaka zambiri chifukwa sadziwa kusiyanitsa kumeneku. Onaninso kapepala ka za ndalama kamene a Legislative Services Agency amalemba pa bilu iliyonse. Iwo sali mbali ya chipani, ndipo amafotokoza m'Chingerezi chosavuta kuposa cha biluyo. Chachiwiri, muziyang'ana ndandanda ya komitiyo kawirikawiri, chifukwa chidziwitso chimatuluka masiku ochepa msonkhano usanachitike. Misonkhano ya makomiti amaionetsa pa webusaiti yomweyo, ndipo yakale imasungidwa, mukhoza kuonera mukaweruka.

Ngati mwaiwerenga ndipo simukuifuna, nthawi yolankhula ndi inoyi. M'mera m'poyamba. Anthu athu amadzuka bilu ili kale patebulo la gavanala, n'kumatumizirana mauthenga oti tiyeni timuimbire akane. Kuno ku Indiana kukana kwa gavanala n'kofooka, aphungu amakugonjetsa ndi mavoti omwe aja 51 ndi 26, pamene ma state ambiri amafuna magawo awiri mwa atatu. Ndiye amene anaidutsitsa koyamba angathe kungoidutsitsanso.

Mbewe (Seattle): Ndafika mochedwa, ndinali kuntchito. A Mwale, vuto la ulendo mwanenalo kuno analichepetsa. Ku Washington state ukhoza kulankhula ku komiti ya ku Olympia uli kunyumba kwako pa kompyuta, kapena kutumiza maganizo olemba, kapena kungolembetsa kuti uli mbali iti. Pa leg.wa.gov zonse zilipo. Ndiye aliyense afufuze kwawo, mwina njira ilipo koma simunaidziwe.

Chinanso chimene sichinatchulidwe: m'ma state pafupifupi theka, anthu akhoza kupanga lamulo okha osadzera kwa aphungu. Amasonkhanitsa masiginecha, nkhaniyo imapita pa pepala lovotera. Anayamba ndi a South Dakota mu 1898. Malipiro otsikitsitsa a federal akhala $7.25 pa ola kuyambira 2009, ndipo ku Indiana ndi ku Texas akadali pomwepo. Kuno adutsa $16, ndipo mbali yaikulu ndi chifukwa cha mavoti a anthu, mu 1998 pamene anawamangirira ku kukwera kwa mitengo, ndi mu 2016 pa Initiative 1433. Ntchito yomweyo, dziko lomwelo, malipiro osiyana chonchi. Ndani anganene kuti za ku state n'zazing'ono?

Mayi a Tadala (Houston): Njira imeneyo ife ku Texas tilibe pa malamulo a state yonse, ndipo ku Indiana kulibenso. Ife khomo ndi la aphungu lomwelo.

Mwale (Dallas): Ndamva zonsezi ndipo za foni zija ndingayese. Koma funso langa lachiwiri simunaliyankhe. Wopanda voti, wa green card (chilolezo chokhazikika m'dziko muno) kapena wa viza ya sukulu, akuloledwa? Sizingamubweretsere mavuto?

Abusa (Silver Spring): Apa tiyende mosamala, chifukwa pali zololedwa ndi zoletsedwa ndipo siziyenera kusakanizidwa. Kulembera phungu, kuimba foni, kukhala nawo pa msonkhano wa komiti, kupereka maganizo, zimenezi si za nzika zokha. Madera a aphungu amagawidwa potengera chiwerengero cha anthu onse okhalamo, ana ndi alendo omwe. Nkhani imeneyi inafika mpaka ku Supreme Court kuchokera kwanu komweko ku Texas, mlandu wa Evenwel v. Abbott mu 2016, ndipo khoti linati state ikhoza kuwerenga anthu onse, osati ovota okha. Ndiye phungu wa dera lanu ndi wanunso, munawerengedwa pomupatsa mpandowo, ndipo msonkho mumakhoma.

Zoletsedwa ndi izi, ndipo ndikupemphani muwauze ana ndi achibale obwera kumene. Ngati si inu nzika musalembetse m'kaundula wa ovota, ngakhale wina akupatseni fomu pamene mukutenga laisensi. Kunena kuti ndinu nzika musali nzika kungawononge mapepala anu kotheratu. Musasaine mapepala otolera masiginecha a Mbewe anena aja, amenewo ndi a ovota olembetsedwa. Ndipo ndalama za kampeni amaloledwa kupereka ndi nzika ndi a green card okha, wa viza ayi, ngakhale pa chisankho cha state kapena cha mzinda.

Chomaliza, zimene mwanena ku komiti zimalowa m'kaundula wa boma, dzina lanu aliyense akhoza kuliona, kanema amasungidwa. Amene nkhani yake ya mapepala ili pakati ayambe wafunsa loya wake. Akhoza kuthandiza m'njira ina, monga kufotokozera mnzake amene ali nzika kuti akanene m'malo mwake.

Mbewe (Seattle): Abusa mwathandiza. Zosaina zija n'zofunika, chifukwa otolera masiginecha amaima pakhomo pa masitolo ndipo amakakamira, munthu umasaina mwaulemu chabe.

Chikondi (Lincoln): Funso langa kwa a Phiri ndi mayi a Tadala: gavanala akasaina, ndiye kuti mawa lake layamba?

Mayi a Tadala (Houston): Ayi mwanangu, tsiku loyambira limalembedwa kumapeto kwa biluyo. Kuno ambiri amayamba pa 1 Seputembala. Kuti liyambe nthawi yomweyo pamafunika magawo awiri mwa atatu m'zipinda zonse.

Phiri (Indianapolis): Kuno ambiri pa 1 Julayi, ku California pa 1 Januwale. Koma pali gawo lina limene anthu amaliiwala, ndipo kwa ogwira ntchito za chipatala ndi lalikulu. Lamulo nthawi zambiri limangonena kuti dipatimenti ya zaumoyo kapena bodi ya anamwino ikonze ndondomeko. Maola angati a maphunziro, fomu iti, ndalama zingati, zimenezo amalemba ndi a dipatimenti pambuyo pake. Nawonso amayenera kulengeza zimene akufuna kulemba ndi kupereka nthawi yoti anthu anenepo. Kuno zimatuluka mu Indiana Register, kwa mayi a Tadala mu Texas Register. Kumeneko kumafika anthu ochepa kuposanso ku komiti, chonsecho ndi kumene kumalembedwa zimene bwana wanu adzakufunseni kuntchito.

NaBanda (South Bend): Koma abale, munthu wa mashifiti angakwanitse kuyang'ana zonsezi tsiku ndi tsiku?

Mbewe (Seattle): Simukufunika kutero achemwali. Mawebusaiti ambiri a nyumba za malamulo amalola kutsegula akaunti yaulere, mumasankha mabilu anu, akasuntha amakutumizirani imelo. Kuli LegiScan ndi Open States amene amasonkhanitsa mabilu a ma state onse 50, mukhoza kufufuza ndi mawu ngati "landlord" kapena "home health aide". Ine ndimasankha atatu kapena anayi okhudza ntchito yanga ndi sukulu ya ana, enawo ndimawasiya. Kungoti mukalandira uthenga, mawu enieni a bilu mukawerenge pa webusaiti ya boma, ndipo muonetsetse kuti mwatsegula yatsopano, chifukwa bilu imodzi imasindikizidwa kangapo ikamasinthidwa.

Abusa (Silver Spring): Ndipemphe chinthu. Kuno ku Maryland msonkhano ndi wa masiku 90, kuyambira Lachitatu lachiwiri la Januwale mpaka mu Epulo, ndipo ine ndidzipereka kuyang'ana za ku Annapolis zokhudza lendi ndi osamalira okalamba, ndiziika pano nambala ndi tsiku la komiti. Pakhale mmodzi m'state iliyonse wochita chimodzimodzi. Ndipo tigwirizane kuti pagulu lino uthenga wa lamulo usamatumizidwe wopanda nambala ya bilu ndi dzina la state.

Phiri (Indianapolis): Indiana nditenga ine. ANaBanda mundithandize za kumpoto kwanuko, makamaka misonkhano imene aphungu amachititsa m'madera mwawo Loweruka lina nthawi ya msonkhano. Kumeneko mumalankhula nawo maso ndi maso osapita ku Indianapolis.

Mwale (Dallas): Mayi a Tadala, nanga ife chaka chimene sakumana chija tizichita chiyani, tizingodikira?

Mayi a Tadala (Houston): Ayi achimwene, chaka chimenecho ndi chimene amaphika. Sipikala wa House ndi Lieutenant Governor, amene amatsogolera Senate, amapatsa makomiti mitu yoti afufuze, makomitiwo amachititsa misonkhano, ndipo malipoti awo ndi amene amasanduka mabilu ambiri. Aphungu amakhalanso kwawo m'madera, ofesi ya wanu ili konko ku Dallas, ulendo wa ku Austin sukufunika. Mabilu amayamba kuperekedwa mu Novembala chisankho chikangotha, msonkhano usanatsegulidwe. Lowani pa capitol.texas.gov, pali polemba adiresi yanu kuti mudziwe phungu ndi seneta wanu. Mukawapeza munditumizire mayina awo kumbali, tione makomiti amene alimo.